Kampando Kopanda Msomali: Mmene Timakhomera Loweruka ku Kasungu

Kampando koyamba kamene ndinakhoma ndi manja anga kanangotha miyezi inayi kali bwino. Ndinakakhoma mu June ndi matabwa a bulugamu amene ndinagula kwa munthu wina wocheka mitengo, akadali ndi fungo la kuthengo. Ndinamenya misomali paliponse pamene ndinaona kuti pakugwedera, ndipo ndinkakanyadira ngati mwana wachisamba. Pofika mu October, dzuwa la kuno likuswa mtengo, miyendo inayamba kuvina. Tsiku limene apongozi anabwera kudzationa, anakhalapo pang'ono, n'kudzuka, n'kupempha mphasa. Sananene kanthu. Kusanena kwawoko ndi kumene kunandipititsa kwa anzanga amene ndimapala nawo matabwa lero.

Timakumana Loweruka masana kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi ena opuma, m'chigafa chimene anasiya kuyanikamo fodya. Pali mlimi, namwino, wakabaza, mayi wina wogulitsa zitenje mumsika, ndi madala ena amene anakhoma zitseko ndi mabedi zaka zambiri maso asanayambe kuvuta. Timasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi n'kugula zida za tonse. Aliyense amabwera ndi chimene akukhoma, wina kabati, wina khola la nkhunda, koma wobwera kumene aliyense amayambira pa kampando kamodzi komweka. Madala aja amati kali ndi mabowo 16, ndipo munthu akafika pa bowo la 16 dzanja limakhala litamva. Nayi njira yake, kuyambira pogula thabwa mpaka popaka vanishi.

Thabwa liyambe lauma

Kwa woyamba kumene ndimalangiza paini kapena malaina. Paini ndi uja amabwera pa malole kuchokera ku Chikangawa, kutsika ndi msewu wa M1. Ndi wofewa, sowo imadutsa mosavuta, ndipo mukalakwitsa simulira kwambiri. Vuto lake ndi mfundo, komanso chiswe chimamukonda. Malaina tili nawo m'midzi momwemu, m'malire a minda. Amapalika bwino ndipo akauma sapindikapindika, koma amachedwa kuuma: kunja amanamiza kuti auma pamene m'kati muli madzi. Bulugamu ndi wolimba ndithu, koma ndi wamakani. Amang'aluka kumapeto, amapotoka, ndipo ukamukhoma osayamba waboola amang'ambika. Musiyeni kaye.

Aliyense amalota mlombwa, uja ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi. Sufufuma kapena kunyala kwambiri nyengo ikasintha, ndipo mtima wake chiswe chimaulemekeza. Koma mlombwa ndi mbawa zatsala zowerengeka. Mitengo yachilengedwe kuno yambiri inathera m'zigafa, m'mabalani ndi m'makala. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, silisekerera wodula mitengo m'nkhalango zotetezedwa monga ya Chimaliro, ndipo za ku Kasungu National Park musaziganizire n'komwe. Wina akakutsatsani mlombwa madzulo kuli kachisisira, wopanda pepala lililonse la a zankhalango, m'chigafa mwathu thabwa limenelo sililowa. Mlombwa wathu timaupeza pa zitseko zakale, pa mabedi othyoka ndi pa mafelemu a nyumba zogumulidwa. Thabwa lotere linauma kalekale. Ingozulani misomali yonse, chifukwa kamsomali kamodzi kobisala kamagumula mpeni wa pulena.

Pogula, nyamulani thabwa lililonse, mutsinzine diso limodzi n'kuliyang'ana kuyambira kumapeto ngati mukuloza mfuti. Lokhota pang'ono lili bwino, poti mulidula tizidutswa tatifupi. Lopotoka lisiyeni. Lokhala ndi timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa lisiyeninso, muli tizilombo.

Mukafika nawo kunyumba musawatsamiritse pakhoma padzuwa, ngati mmene ambiri amachitira. Agonekeni pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, ndipo pakati pa thabwa ndi linzake muziika timitengo tofanana kukula, totalikirana pafupifupi theka la mita. Pamwamba pake mutsendereze njerwa. Kumapeto kwa thabwa lililonse pakani penti wotsala, chifukwa madzi amathawira kumapeto msanga, n'chifukwa chake kung'aluka kumayambira konko.

Nanga mudziwa bwanji kuti lauma? Osadalira mawu a wogulitsa. Sankhani thabwa limodzi, muliyeze pa sikelo yomwe mumayezera soya kapena mtedza, mulembe kulemera kwake ndi tsiku pa thabwa lomwelo. Muziyeza sabata ndi sabata. Likasiya kupepuka kwa masabata awiri kapena atatu, lauma mokwanira ndi mpweya wa kwanuko. Miyezi ya chilimwe imathandiza kwambiri. Nthawi ya dzinja zimachedwa. Ndikukhalitsa pa nkhaniyi chifukwa ndi imene inandichititsa manyazi. Thabwa likamauma limachepa m'lifupi ndi m'kuchindikala, pamene m'litali silisintha kwenikweni. Ndiye chilichonse chimene munalumikiza mothina lili laliwisi chimadzakhwepa.

Zida, ndi kunola

Simukusowa zambiri: sowo ya mano ang'onoang'ono, pulena, tchizulo ya mamilimita 8, ina yotakata ya mamilimita 20 kapena 25, sikweya yoonera ngati kona yaima bwino, tepi, pensulo, kampeni, nyundo yamtengo, geji yolembera mizere, guluu woyera wa matabwa, sandipepa, ndi malegeni a tchubu chakale. Nyundo yamtengo dzipangireni nokha ndi chidutswa cha bulugamu. Apa ndiye makani ake amagwira ntchito. Hamala yachitsulo imaphwanya chigwiriro cha tchizulo. Geji nayo si yogula: kathabwa koboola pakati, kamtengo kodutsa pabowopo mothina, ndi kamsomali kosongola kumapeto.

Sikweya iyeseni musanaikhulupirire. Igwiritseni m'mbali mowongoka mwa thabwa, lembani mzere, itembenuzeni n'kulembanso pomwepo. Mizere iwiriyo ikasiyana, sikweyayo ndi yabodza, ndipo kampando konse kadzatengera bodzalo.

Loweruka langa loyamba sindinagwire thabwa. Madala anandipatsa tchizulo yanga yatsopano, yochokera m'sitolo, n'kunena kuti, "Achimwene, ichi n'chitsulo chabe, sichinakhale mpeni." Ndinanola mpaka dzuwa kupendeka.

Yambani ndi kumbuyo kwa tchizulo, mbali yathyathyathya ija. Igonekeni pa mwala wonolera, mutathira timadzi kapena kaoyilo malinga ndi mwala wake, muzikhuta mpaka chakunsonga konse kuwale mofanana. Ngati mulibe mwala, matani sandipepa wosalala, uja wosaopa madzi, pa chidutswa cha galasi. Kenako tembenuzirani kumbali yotsetsereka. Kutsetserekako kukhale pakati pa madigiri 25 ndi 30. Mulibe choyezera madigiri? Kutalika kwa malo otsetserekawo kukhale kuwirikiza kawiri kuchindikala kwa chitsulocho, mwafika pa 30. Nolani osagwedeza dzanja mpaka mutamva ndi chala kuti kumbuyo kwatuluka kachitsulo kopindikira, kamene ife timati ndevu. Ndevu zikapanda kutuluka ndiye kuti simunafike kunsonga. Zichotseni pogonekanso kumbuyo pamwala kawiri kapena katatu, kenako kokerani nsongayo pa lamba wakale wachikopa. Mpeni wa pulena umanoledwa chimodzimodzi. Kuyesa kwake, sengani kumapeto kwa paini: yakuthwa imatulutsa kachipale kosalala, yobuntha imangofumbutsa. Ndipo musapereke tchizulo kwa owotcherera kuti akunolereni pa makina mothamanga. Nsonga ikatentha mpaka kusanduka yabuluu yafewa, sisunganso kuthwa.

Namwino wathu ali ndi lamulo limodzi lokha limene amalibwereza mpaka kutopetsa: manja onse awiri akhale kumbuyo kwa nsonga. Amati mabala a tchizulo amene amasoka amakhala pa dzanja lamanzere, lija limagwira thabwa kutsogolo.

Kudula ndi kupala

Kampando kathu n'kotalika masentimita 45. Miyendo inayi ikhale ya masentimita 4.5 mbali zonse ikapalidwa. Thabwa la 2 by 2 limakwanira ngati silinachekedwe mowumira. Kutalika kwa mwendo ndi masentimita 43, koma dulani 46. Atatu owonjezerawo ndi nyanga, zimene zimateteza mutu wa mwendo kuti usang'ambike pojoba bowo lapamwamba, ndipo mudzazidula kumapeto. Mitanda, timatabwa topingasa tolumikiza miyendo, yapamwamba ndi inayi, yotalika masentimita 26, m'lifupi 6, kuchindikala 2. Yam'munsi ndi inayinso, yotalika 26, m'lifupi 3.5, kuchindikala 2. Pokhalira pafunika timatabwa titatu ta masentimita 34 m'litali, 11 m'lifupi, 2 kuchindikala. Dulaninso mwendo umodzi ndi mtanda umodzi wapadera zophunzirira. Podula, pewani kuti mfundo igwere pamene padzakhale bowo kapena lilime, nsonga ya mtanda yolowa m'bowo la mwendo.

Kupala kuli ndi dongosolo lake. Sankhani nkhope imodzi ya chidutswa, muipale mpaka iwongoke, muiike chizindikiro ndi pensulo. Kenako palani mbali yoyandikana nayo mpaka sikweya ikhale bwino popanda kuwala kudutsa pansi pake, muiikenso chizindikiro. Mbali ziwiri zimenezi ndizo mboni zanu. Muyeso uliwonse kuyambira pano uzichokera pa izo, osati pa mbali zinazo. Ndi geji, lembani kukula kumene mukufuna kuzungulira chidutswacho, mupale mbali zotsalazo mpaka pamzere.

Pulena ikamazula thabwa m'malo molisalaza, mukupala mobwerera. Zili ngati kusisita mbuzi kuchokera kumchira: ubweya umaima. Tembenuzani thabwalo. Mpeni uzingosuzumira pang'ono, kuti zopalazo zizituluka zopyapyala ngati khungu la anyezi. Pansi pa pulena pakani kandulo, mudzadabwa mmene iziterera.

Kulemba mizere: apa m'pamene kampando kamakhomedwa

Akalipentala amati motisi ndi tenoni. Ife timangoti bowo ndi lilime. Lilime la mtanda limalowa m'bowo la mwendo, ndipo mapewa a mtandawo amatsamira pamwendo. Mphamvu yonse ya kampando ili pamenepa, ndipo zonse zimakonzeka kapena kuwonongeka ndi pensulo, chitsulo chisanakhudze thabwa.

Imikani miyendo inayi pamodzi monga mmene idzaimire, mbali za chizindikiro zija zitayang'ana kunja. Pamitu pake lembani 1, 2, 3, 4. Mwendo uliwonse uli ndi mbali ziwiri zoyang'ana kwa anzake, ndipo mabowo amakhala pa mbali zimenezo basi. Zilembeni mwachisawawa ndi pensulo miyendo ikadali chiimire, kuti musadzasokonezeke. Wakabaza wathu anajoba bowo lokongola kwambiri, loyera ngati lopangidwa ndi makina, koma kumbali yakunja. Mwendo umenewo tinaupachika padenga la chigafa, ulipo mpaka lero.

Tsopano gonekani miyendo yonse pamodzi, mapazi atalingana, muimange ndi legeni. Kuchokera kuphazi, yezani masentimita 43 n'kulemba mzere wodutsa yonse inayi. Apa m'pothera mwendo. Tsikani masentimita 1.5, lembani, tsikaninso 4.5, lembani. Pakati pa mizere iwiriyi m'pamene pali bowo lapamwamba. Mabowo am'munsi asakhale pamsinkhu umodzi, kuti asafowoketse mwendo: a kutsogolo ndi kumbuyo ayambire masentimita 12 kuchokera pansi mpaka 14.5, a m'mbali ayambire 17 mpaka 19.5. Choncho mwendo uliwonse uli ndi bowo lotsika kumbali imodzi ndi lokwera kumbali inayo. Imikaninso miyendo ija muone ngati bowo lililonse likuyang'anizana ndi lofanana nalo.

Kukula kwa bowo ndi kukula kwa tchizulo yanu, mamilimita 8. Ndi geji, yotsamira kumbali yakunja nthawi zonse, lembani mzere pa sentimita imodzi, wina pa 1.8. Bowoli talisendeza dala chakunja osati pakati, kuti malilime awiri olowa m'mwendo umodzi asagundane m'kati.

Mitanda yonse 8 imangeninso pamodzi. Siyani masentimita 2.5 kumapeto, lembani phewa. Yezani 21, lembani phewa linalo. Mapewa alembedwe ndi kampeni, osati pensulo, kuzungulira mbali zonse zinayi ndi sikweya. Mzere wa pensulo uli ndi mimba, ndipo theka la milimita apa ndi apo limasanduka kampando kopendama. Kuchindikala kwa lilime, kuchokera kumbali yakunja ya mtanda, lembani pa mamilimita 6 ndi pa 14. Mbali zonse zodzatayidwa zikhwatcheni ndi pensulo.

Kujoba mabowo

Yambani ndi mwendo wophunzirira uja. Ugonekeni pa benchi yolimba, cha pamwamba pa mwendo wa benchiyo pamene sipanjanja, muumange kapena mungoukhalira. Pa tchizulo zengani katepi pa masentimita 2.6 kuchokera kunsonga, kuti muzidziwa pofika.

Imani chakumapeto kwa mwendo, kuti muziona ngati tchizulo yapendekera kumanja kapena kumanzere. Yambirani pakati pa bowo. Menyani kamodzi kapena kawiri, sendezani tchizulo mamilimita atatu, menyaninso, kupita chakumapeto kumodzi. Tembenuzani tchizulo, mubwerere kupita kunako. Tizidutswa tizituluka potsamiza tchizulo pang'ono. Musafike pamzere wakumapeto, siyani mamilimita awiri kapena atatu, chifukwa potukula zinyalala chitsulo chimafinya m'mphepete. Mukafika pa katepi m'bowo monse, m'pamene muimike tchizulo pamzere penipeni, mbali yathyathyathya itayang'ana kukhoma la bowo, n'kutsitsa kamodzi. Mabowo awiri apamwamba akabowokerana pang'ono m'kati musade nkhawa, malilime ndi a 2.5, sakumana.

Amene ali ndi chobowolera angathe kuyamba achotsa mnofu wapakati ndi kachitsulo ka mamilimita 6, kenako n'kusalaza ndi tchizulo. Zimafulumira. Madala amangopukusa mutu, koma saletsa.

Bowo loyamba lidzakutengerani nthawi yoti mkazi n'kuphika nsima mpaka kupakula. Musathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo tchizulo ikayamba kufuna mphamvu zambiri, bwererani kumwala. Paini, ngakhale ndi wofewa, amafuna chitsulo chakuthwa kuposa mlombwa, apo ayi amangophwanyika m'kati.

Kucheka malilime

Mabowo ayambe, malilime pambuyo, chifukwa n'kosavuta kusenga lilime kuti likwane m'bowo kusiyana ndi kukonza bowo.

Imikani mtanda mopendekera kutsogolo, muugwiritse zolimba. Sowo idutse kunja kwa mzere, kumbali yokhwatcha ija, mzerewo utsale. Chekani mopingasa kuchokera pakona mpaka pafupi ndi phewa, tembenuzani mtanda, chekaninso chimodzimodzi kumbali inayo, kenako imikani chilili mumalize kansonga kotsala pakati. Mukatero sowo imatsata njira imene yadzilambulira yokha. Osaikankha, kulemera kwake n'kokwanira. Pa phewa, yambani mwasenga kangalande ndi tchizulo yotakata, kutsamira pa mzere wa kampeni uja, kuti mano a sowo apeze pokhala. Chekani mosamala mpaka kachidutswa kagwe, osapitirira, chifukwa mukalowa m'lilime mwalifowoketsa. Pomaliza, malilime a mitanda yapamwamba achotseni masentimita 1.5 chakumwamba kuti atsale 4.5, a yam'munsi achotseni theka la sentimita uku ndi uku kuti atsale 2.5. Nsonga ya lilime isengeni m'makona pang'ono kuti ilowe mwaulemu.

Lilime labwino limalowa pokankha ndi dzanja, mwina ndi kugogoda pang'ono kumapeto, ndipo mukanyamula mwendo mtanda sugwa. Likathina musalikakamize ndi nyundo, mung'amba mwendo. Detsani m'kati mwa bowo ndi pensulo, lowetsani, tulutsani: pamene lilime lada m'pamene pakugunda, sengani pomwepo pokha. Likakhwepa si maliro. Matani kachipale kopyapyala pa tsaya la lilime, kaume, musengenso. Lililonse likakwana, lembani chilembo chofanana pa lilime ndi pabowo pake, chifukwa sadzasinthana.

Kumanga

Lumikizani kampando konse popanda guluu kaye. Yang'anani mapewa onse 16. Pamene pali mpata, onani ngati lilime latalika kapena phewa lili ndi kaphiri, mukonze. Masulani, mupititse sandipepa mbali zonse zam'kati, poti mukamanga dzanja silidzafikako. Malilime okha musawakhudze.

Kumata kuchitike kawiri. Yambani ndi mbali ziwiri zoyang'anizana: miyendo iwiri, mtanda wapamwamba ndi wam'munsi. Pakani guluu m'bowo ndi kamtengo, pakaninso pa lilime, mopyapyala. Lumikizani, mukulunge malegeni mokoka kwambiri pa mzere wa mtanda uliwonse. Malegeni akazungulira kambirimbiri amafinya modabwitsa, wakabaza aliyense akuuzani. Chingwe chopota ndi kamtengo pakati chimagwiranso, bola muike timakatoni m'makona kuti chisadye thabwa. Yezani ndi tepi kuchokera pakona ina kufika pakona yopingasana nayo, kenako kwinako. Miyeso iwiriyo ikafanana zili bwino. Ikasiyana, finyani ndi manja mbali yaitaliyo mpaka zilingane, guluu asanagwire. Gonekani pamalo athyathyathya, zigone usiku wonse.

M'mawa mwake lumikizani mbali ziwirizo ndi mitanda inayi yotsala. Konzeranitu zonse pafupi, ndipo itanani mnzanu, chifukwa malilime 8 ofuna kulowa nthawi imodzi, guluu akuuma, si ntchito ya manja awiri, makamaka kukatentha. Yezaninso mopingasa pamwamba: felemu ya masentimita 30 mbali zonse imapereka pafupifupi 42.4 uku ndi uku. Guluu wotuluka m'mapewa mupukuteni ndi kansalu konyowa nthawi yomweyo, chifukwa pamene waumira vanishi salowa, pamatsala chipsera choyera. Musakagwiritse ntchito mpaka litatha tsiku lathunthu.

Guluu woyerayu amaopa madzi, ndipo kampando ka pakhonde tsiku lina kadzaiwalidwa pamvula. N'chifukwa chake timawonjezera zikhomo za nsungwi. Boolani kabowo ka mamilimita 5 kuchokera kunja kwa mwendo, kodutsa pakati pa lilime, pafupifupi sentimita imodzi kuchokera paphewa. Sengani kansungwi kouma kothina, pakani guluu, khomani, dulani, salazani. Ngakhale guluu atadzatopa, lilime silituluka. Kenako dulani nyanga zija n'kupala mitu ya miyendo kuti ilingane ndi mitanda, pulena ikuchokera kunja kupita m'kati kuti m'mphepete musabenthuke.

Pokhalira, mapazi ndi vanishi

Pokhalira timaika timatabwa titatu totalikirana mamilimita 5, osati thabwa limodzi lalikulu. Lalikulu limafufuma dzinja n'kunyala chilimwe, ndipo likamangidwa zolimba limang'aluka pakati. Titatu tija kalikonse kamapuma pakokha. Yang'anani mizere yokhota kumapeto kwa kathabwa: ikhale ngati mbale yoyang'ana kumwamba, kuti kakadzapindika kadzatukuke pakati m'malo mosunga madzi. Timatabwato tituluke masentimita awiri mbali zonse. Apa timagwiritsa ntchito masikuluu, awiri kumapeto kulikonse, olowa mu mtanda, mutayamba mwaboola ndi kukulitsa pakamwa kuti mutu umire. Mayi wa zitenje uja amati ndiye kuti dzina loti kopanda msomali ndi lachinyengo. Sikuluu si msomali, mayi, ndipo amene akufuna angathe kukhoma nsungwi apanso.

Kaimikeni pamalo amene mukudziwa kuti ndi athyathyathya, monga pagalasi kapena pathebulo labwino. Simenti ya pakhonde imanama. Kakamagwedera, musayambe kudula mwendo umene mukuuganizira, mudzadula uku ndi uku mpaka kampando kasanduke ka ana. Ikani timapepala pansi pa mwendo waufupi mpaka kaime nji. Gonekani pensulo pa kathabwa kopyapyala, muzungulize mwendo uliwonse kulemba mzere, mucheke yonse inayi pamzerewo. M'makona mwa mapazi sengani pang'ono kuti asabenthuke pokakoka.

Sandipepa yambani ndi wokhakhala wa nambala 80 ngati pali zipsera za sowo, kenako 120, kumaliza ndi wosalala wa 180, motsata mitsempha ya thabwa nthawi zonse. Mizere yopingasa simuiona pano, idzaonekera mukapaka vanishi. Makona onse akuthwa afafanizeni, makamaka a pokhalira, amene amadya kumbuyo kwa miyendo ndi kung'amba zitenje. Tsekani mphuno ndi kansalu, fumbi la matabwa si labwino m'chifuwa.

Vanishi woyamba musungunuleni pang'ono ndi zimene zalembedwa pachitini, kuti alowe m'thabwa. Akauma pititsani sandipepa wosalala mopepuka, pukutani, pakaninso kawiri. Pakani ndi pansi pomwe, makamaka kumapazi, kumene chinyezi ndi chiswe zimalowera. Musapake panja tsiku la mphepo. Fumbi la mu August likamatirira, kampando kamakhala ngati sandipepa. Oyilo wakuda wa galimoto ndi wa mitengo ya mpanda, osati pokhala anthu. Amene amakonda kupaka mafuta a linseed m'malo mwa vanishi asaunjike nsanza zake pakona, zimatha kutentha zokha n'kuyaka. Aziyanike chotambasula panja kapena aziviike m'madzi.

Kwathu kampando kakatha kamaikidwa pakati pa chigafa. Mlimi uja, amene ndi wathupi kuposa tonse, amakhalapo n'kutsamira kumbuyo pa miyendo iwiri, ife tili chete kumvetsera ngati kalire. Kenako madala amakatembenuza chadodolido n'kuyendetsa chikhadabo paphewa lililonse, osanena kanthu, ndipo mwini wake amagula zitumbuwa. Kanga kachiwiri, ka malaina, kadutsa ma October atatu kali pakhonde, ndipo apongozi akabwera amakakokera okha pamthunzi. Paphewa limodzi lam'munsi pali kampata kolowa chikhadabo. Madala anakapeza tsiku lomwelo, ndipo wobwera kumene aliyense amamutuma kwathu kuti akakaone.